Chitedze cha Apongozi ndi Kazako wa a Shefi

Kazako woyera wa a Shefi, jekete yawo yolandirira alendo, anasowa Lachiwiri dzuwa lili paliwombo, pa chingwe cha kuseri kwa posito ya boma, malo amene ngakhale nkhuku zinkawalambalala. Munali mu Juni wa 1956, anthu onse ali kuminda kukolola chimanga. Otsala pa posito tsikulo anali atatu okha: a Shefi, mzungu wamtali wa khosi lofiira amene ankalamulira kumtunda kuno kwa Chifunde, Silasi, mayinato wawo wochapa ndi kusita, ndi sipayo Pedro, amene pa nthawi ya kubako anali pansi pa mtengo wa mango akulondera ali chitsinzire.

Tisamunamizire Pedro kuti anali wapolisi woopsa. Pa zaka khumi ndi zinayi za usipayo anagwira akuba atatu. Awiri anabwera okha kudzadzipereka, wachitatu anali mbuzi. Zimene Mulungu anamupatsa zinali mimba, mtima wofewa, ndi mutu wosaiwala kanthu kalikonse kamene kanamupwetekapo.

"Loweruka kukubwera akuluakulu a ku Tete," anakalipa a Shefi m'Chinyanja chawo chothyokathyoka, malovu akuthovokera pa chipewa chofiira cha Pedro. "Ine ndivala chiyani? Chiguduli? Loweruka m'mawa, kazako palibe, mayinato mbalamatodya makumi anayi, kenako miyezi isanu ndi umodzi ku msewu. Womenya ndiwe!"

Pedro anayang'ana pa khoma. Pa msomali wake panali mbalamatodya, thabwa lozungulira la mabowo asanu lomenyera m'manja. Makumi anayi amasiya zikhato zitatupa ngati mikate, zala zosapindika mwezi wathunthu, ndipo zina sizipindikanso. Silasi ankadya za manja ake. Kuwonjezera apo, Silasi anali mlamu wake, mlongo weniweni wa mkazi wake Anastácia.

Pedro atafika kunyumba dzuwa likupendeka, anapeza mphasa yake itakulungidwa bwinobwino, itaimikidwa panja pambali pa chitseko pamodzi ndi kabokosi kake kachitsulo.

"Sindinakuthamangitseni ayi, bambo a Celina," anatero Anastácia osasiya kupeta. "Ndangokufupikitsirani ntchito. Dzanja lanulo likadzangogwera pa dzanja la mlongo wanga, musadzavutike ndi kulowa m'nyumba kufuna katundu. Njira ya kwanu mukuidziwa."

Pedro anachita mantha enieni. Nyumbayo anamanga ndi iye, koma mudzi unali wa mkazi wake.

*

Lachitatu m'mawa Pedro anatsegula kalaboso, kachipinda kotsekeramo akaidi. Silasi, munthu woonda wolankhula ngati akupepesa mpweya umene akupuma, anali atakhala pakona manja atawabisa m'khwapa.

"Alamu, ine ndinachapa bwinobwino," anayamba misozi ili chuchuchu. "Ndinayanika thalauza, malaya atatu, nsalu za pabedi, ndi kazako kumapeto. Ndinamupana ndi zopanira zitatu chifukwa cha mphepo ya Juniyi. Ndinangopita kukatenga makala a simbi. Pobwera, zonse zili pomwepo, kazako yekha zii."

"Thalauza anasiya?"

"Anasiya."

"Nsalu za pabedi?"

"Sanazikhudze n'komwe."

Pedro anakanda m'mutu. Wakuba wanzeru akanatenga nsalu za pabedi, n'kuzinyika mu makungwa, n'kumafunda mpaka kukalamba. Koma kazako woyera wa mabatani onyezimira, amene dera lonse linkamudziwa, munthu angamuvale kuti? Kumunda? Kumowa?

"Pali amene anamusirirapo kazakoyu?"

"Ndani angayerekeze, alamu?" Silasi anapukuta mphuno. "Kupatula a Octávio. Mwezi watha anaima pa mpanda n'kupempha kuti angokhudzako mkono wake. Anafunsanso kuti ndimamuchapa tsiku liti. Koma iwo aja musawaganizire, ali kunja. Ananyamuka Lamulungu kupita ku mathithi a ku Livingstone. Inu nomwe munawanyamulira sutikesi mpaka pa mlatho."

Zinali zoona, ndipo Pedro anachita manyazi pokumbukira kuti anainyamula monyadira.

Kuseri kwa posito anawerenga zopanira. Pomwe panali kazako panatsala ziwiri. Pansi panali mapazi opanda nsapato, olowera ku kanjira ka kudambo, koma atangowatsata pang'ono anathera mu udzu.

*

Octávio ndiye anali munthu woyenda wa dera lathu. Anzake ankapita ku Halale kukagwira ntchito zaka zitatu n'kubwera ndi bulangete ndi chifuwa. Iye ayi. Ankapita kukaona chabe, masiku khumi, n'kubwera ndi chithunzi ndi nkhani zokwana miyezi isanu. Anthu ankamugulira mowa kuti angofotokozanso za nyumba zosanjikana. Panalibe amene anadabwa kuti maulendo akewo ankagwa nthawi yopalira, yokolola, ndi yomanga nkhokwe ya apongozi ake.

Mkazi wake Ruti analandira Pedro ngati mlendo wodzaona zodabwitsa, ndipo asanafunsidwe kanthu anali atatsitsa kale zithunzi pa khoma.

"Khalani pansi, a Sipayo, mutsuke maso. Apa ndi ku Halale. Onani nyumbazo, zafika kumitambo, akuti wa pamwamba akalavula malovu amauma asanafike pansi. Apa ndi kachisi wa Amwenye ku Bulawayo, mmene muli milungu ya manja asanu ndi atatu. Amuna anga anavula nsapato polowa, ndiwo mwambo wake. Ulendo uno ati abwera ndi cha mathithi, atavala ngati munthu wamkulu."

"Atavala chiyani?"

"Ati tidzaona tokha."

Pedro anayandikitsa zithunzizo kumaso. Pa choyamba Octávio anakhala pa mpando, mwendo pamwamba pa unzake, kumbuyo kwake mzinda. Pa chachiwiri anaimirira, dzanja lili pa mpando, kumbuyo kwake kachisi. Mpando wa ku Halale unali ndi mwendo wakutsogolo womangidwa ndi mphira wa njinga. Wa ku Bulawayo nawonso unali ndi mwendo wakutsogolo womangidwa ndi mphira wa njinga. Pedro anamva kanthu kakumugwedeza m'mutu, koma sikanatuluke.

"Mipando ya Angerezi ndi yofooka miyendo eti?" anafunsa.

"Ndi fashoni ya kumeneko," anayankha Ruti mosakayika. "Inu simunayende, simungadziwe."

Apo mpomwe kuseri kwa nyumba yoyandikana kunamveka mawu okalipa, otukwana tchire, njira, ndi agogo ake a tchirelo.

"Ndi amayi," anatero Ruti motsitsa mawu. "Chiyambire dzulo masana sakugona, sakudya. Anagwera mu chitedze pa kanjira ka kudambo."

Pedro anaimirira mofulumira moti chipewa chinagwa.

*

Muyenera kuwadziwa mayi Custódia kuti mumvetse chimene chinamudzutsa Pedro. Mayi amenewa sankapatukira munthu pa njira. Ngolo ya ng'ombe inkawadikira. Wansembe wa pa mthuthuthu anaphunzira kulowa m'ngalande akawaona patali. Pedro mwini, ndi yunifomu yake yonse, anagwerapo mu minga ndi njinga yake chifukwa analiza belu poganiza kuti asuntha. Ankayenda pakati penipeni pa njira, mtanga uli pamutu, ngati njirayo anachita kubereka okha.

Anawapeza atakhala pa mtondo wogwetsa, miyendo ndi mikono zili mbuu ndi phulusa, akudzikanda ndi chitsononkho.

"Ndamva za tsoka lanu, amayi. Pepani."

"Pepani wanuyo akanda pati? Ngati mwabwera kudzazonda, tengani chitsononkho china mundithandize kumsanaku."

Pedro anakhala pansi chapatali. "Chitedze chija chili m'mbali mwa njira, amayi, osati pakati. Munakafikamo bwanji?"

"Ndinapatuka."

"Inu?"

"Mwagontha?"

"Munapatukira yani?"

Mayi Custódia anasiya kukanda. Anayang'ana ku nyumba ya mwana wawo, n'kukodola Pedro kuti ayandikire. Mawu awo, amene masiku onse ankamveka kutsidya kwa dambo, anatsika mpaka kunong'ona.

"Musamuuze Ruti. Mwamuna wake wafa."

"Wafa?"

"Wamira ku mathithi kwakeko. Mzimu wake unabwera dzulo kudzatsazika. Ndikukwera ndi mtanga wanga pa kakhonde kaja, pamene kanjira kamapanikizika, ndinangomva kutsogolo, khe, khe, kheee. Katatu, kachitatuko kokoka. Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikumva chifuwa chimenechi. Miyendo inalumpha yokha mutu usanaganize. Pamene ndimakumbukira kuti mwini chifuwa ali ku Rhodesia, n'kuti ndili kale m'kati mwa chitedze mpaka m'khosi."

Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso. Akakumanizana pa njira, mkamwini amatsokomola kuchenjeza, amagwada chofulatira n'kuomba m'manja, ndipo apongozi amapatukira kutchire mpaka njira itayera. Mabanja ambiri amathetsa manyaziwa mwana woyamba akabadwa, mkamwini akapereka nkhuku. Octávio anali ndi ana anayi, koma nkhukuyo inali isanapezekebe. Anazindikira kalekale kuti apongozi osakuyang'ana sangaonenso kuti khasu lako lachita dzimbiri.

"Munauona mzimuwo?" anafunsa Pedro.

"Ndiyang'ane mkamwini ine? Ngakhale wakufa, ulemu ndi ulemu. Zithunzi zake zomwe sindinaziyang'anepo."

"Unalankhula?"

"Unangoomba m'manja. Kenako unathamanga."

"Mzimu kuthamanga, amayi?"

"Wa munthu waulesi, inenso ndinadabwa," anatero mayi Custódia, n'kuyambiranso kukanda. "Ndikungodikira uthenga wa maliro. Chondiwawa n'chakuti wafa nkhokwe yanga asanamange."

Pedro anatsika ku dambo. Pa kakhonde kaja anapeza chitedze chitaphwanyika pomwe munagwera munthu. Mapazi khumi kutsogolo, pa dothi lonyowa, panali maenje awiri a mawondo, oyang'ana kumene kunachokera mapazi. Pambali pa bondo lamanzere panagona chopanira zovala cha ku posito.

Anachitola n'kukhala pa chulu kuti apume. Wakuba anali atamudziwa, koma kazako anali kuti? Ngati Octávio anawolokadi malire, Silasi wapita. Pokhala paja kamtengo kanamubaya m'thako, ndipo ululu umenewo unatsegula chitseko m'mutu mwake. Zaka zitatu zapitazo a Shefi anamutuma kukajambulitsa chithunzi cha pa kadeneta, chiphaso chake cha boma. Wojambulayo anamukhazika pa mpando wogwedera umene unamutsina mnofu mpaka kutuluka magazi. Mwendo wake wakutsogolo unali womangidwa ndi mphira wa njinga.

Mpando umenewo sunali ku Halale. Unali ku Nsadzo, kuseri kwa sitolo.

*

Lachinayi Pedro anapalasa njinga kuyambira mbandakucha. Anakankha pa zitunda, anatukwana pa mchenga, anagwa kawiri, ndipo nthawi iliyonse akafuna kugona pansi pa mtengo ankaona manja a Silasi ali m'khwapa. Anafika ku Nsadzo dzuwa litapendeka.

Anazungulira sitolo, ndipo anaima chilili kukamwa kuli yasa.

Kutsogolo kwake kunali mathithi. Madzi oyera ankagwa kuchokera pa phompho lalitali lakuda, utsi ukukwera kumwamba, utawaleza utapinda pamwamba pake, mitengo ya kanjedza ili m'mbali. Zonsezi zinali pa chinsalu chachikulu chopachikidwa pa nsungwi pakati pa mitengo iwiri ya papaya, ndipo kumunsi kwake kunkaonekera miyendo ya nkhuku zikupalasa. Komabe Pedro, amene anali asanapitirirepo Furancungo chibadwire, anamva khungu likuchita tsembwe. Anaiwala kwa kanthawi chimene anadzera.

Pakati pa mathithiwo panaima Octávio, chifuwa chili patsogolo, ambulera m'manja, dzanja lina pa mpando uja. Kazako wa a Shefi anamulekeza m'mawondo, manja ake atawapinda katatu. Kumunsi anali ndi kabudula wake wakale wa zigamba.

"Musapume! Kumunsiko sikutuluka, musadandaule," ankalamula wojambula, Solomoni, mutu uli m'kansalu kakuda kuseri kwa bokosi la miyendo itatu. Anali munthu wolankhula mothamanga amene anaphunzira ntchitoyi ku migodi ya ku Ndola. "Yang'anani kutali ngati mukuganiza za dziko. Teodora, nthunzi!"

Mkazi wake anaviika tsache mu ndowa ya madzi amatope n'kulikweza kuti awaze.

"Basi!" anakuwa Pedro, mawu amene sanadziwe kuti ali nawo. "Dontho limodzi pa kazakoyo, nonse mukagona m'kalaboso!"

Tsache linaima m'malere. Bokosi linati thapu. Octávio anatembenuka, n'kuona chipewa chofiira, ndipo ambulera inamupulumuka.

"A Sipayo," anatero ndi kamawu kakang'ono. "Mwafika bwanji kuno ku... ku Livingstone?"

"Pa njinga," anayankha Pedro. "Vulani. Pang'onopang'ono. Batani limodzi limodzi."

Solomoni anatulutsa mutu m'kansalu, osaoneka wamantha ngakhale pang'ono. "Ine za kuba sindikuzidziwa, bwana. Ine ndimagulitsa maulendo. Ndili ndi Halale, ndili ndi kachisi, mathithiwa ndi atsopano, wandipentera mnzanga wa ku Ndola. Jekete ya makasitomala ndili nayo, koma ndi yakuda. Pa phompho lakudali munthu wa jekete yakuda amasowa, pamatsala mano okha. Ndiye ndinawauza kuti, a Octávio, mukafuna mathithi mubwere ndi choyera. Sindinati cha boma." Anamuyang'ana Pedro kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Inuyo ndikukukumbukirani. Munatsala pang'ono kundithyolera mpando. Simufuna Halale? Yunifomuyo ingakhale bwino."

Pedro anapinda kazako mosamala, n'kumukulunga mu nsalu yoyera imene anabwereka kwa Teodora. Kenako anakhala pansi pafupi ndi Octávio, amene tsopano anali chifuwa chili pamtunda, akunjenjemera patsinde pa mathithi.

"Lamulungu ndinakunyamulirani sutikesi," anatero Pedro.

"Munalibe kanthu mmenemo. Ndinagona masiku awiri mu msasa wa kudimba kudikira tsiku lochapa. Ndimati ndibweza, a Sipayo, ndikulumbira. Ndimati ndidzangomukoleka pa mpanda pobwerera."

"Pobwerera liti? Lachitatu la sabata yamawa? Loweruka lino Silasi alandira makumi anayi ndi miyezi isanu ndi umodzi ya ku msewu."

Zinaoneka kuti pa mapulani onse a Octávio, za Silasi sanaziganizireko ngakhale kamodzi, ndipo ichi chinamukwiyitsa Pedro kuposa kubako.

"Chinandigwiritsa n'chiyani?" anafunsa Octávio pamapeto pake.

"Munatsokomola."

"Aa!" Anadzimenya pachipumi. "Ndinayesetsa, a Sipayo. Nditangoona mtanga uja ukubwera, ndinadziuza kuti khala chete, lowa mu udzu, uli ku Rhodesia iwe. Koma chifuwa chinatuluka chokha, mawondo anapinda okha. Kazako ndinachita kumupana m'khwapa kuti ndiombe m'manja. Munthu ungabe, koma apongozi ungawadutse chabe ngati galu?"

"Munayamba mwawolokapo malire inu?"

"Kamodzi ndinafika pa chipata. Anandifunsa giya, kalata ya ulendo, ndinalibe, ndinabwerera." Anayang'ana chinsalu chija. "Inunso ndinu mkamwini, mukudziwa. Chaka chonse m'mudzi muja dzina langa ndi uja wa kwa Custódia. Koma ndikabwera ndi chithunzi, sabata yathunthu ndimakhala a Octávio, ndipo amandipatsa mpando."

Pedro anakumbukira mphasa yake ili panja. Wakuba anali m'manja mwake. Akamupereka kwa a Shefi, Silasi apulumuka, koma thabwa lija litsikabe pa msomali, womenya akhalabe iye, ndipo ana anayi a Ruti adya chiyani miyezi isanu ndi umodzi? Anayang'ana manja a Octávio. Anali osalala ngati a wansembe, ndipo sakanapirira ngakhale khumi.

"A Solomoni," anaitana, "chithunzi chija chatuluka? Bweretsani kuno. Chimenecho ndi umboni."

*

Lachisanu masana Pedro anaima njo pamaso pa a Shefi, fumbi lili thupi lonse, kazako ali m'manja.

"Wakuba ali kuti?"

"Ndi kamvuluvulu, Sinyolo. Anamunyamula pa chingwe n'kukamukoleka pa mtengo kutali kwambiri. Umboni nawu." Anaika chopanira chija pa tebulo ngati chipolopolo.

"Mphepo?"

"Mphepo, Sinyolo. Ndinaitsata masiku awiri."

A Shefi anatembenuza kazako uku ndi uku, anawerenga mabatani, anamununkhiza n'kukwinya mphuno. Anamuyang'ana Pedro nthawi yaitali, ndipo Pedro anayang'ana khoma thukuta likutsikira m'khosi. Koma akuluakulu a ku Tete anali pa njira, ndipo m'dera lonselo munthu wodziwa kusita kolala ya kazako anali mmodzi yekha.

"Tsegula kalaboso. Achape kawiri. Kununkha mbuzi."

Mlandu weniweni unakambidwa madzulo ake kuseri kwa nyumba ya mayi Custódia, mopanda khamu, kuti mphepo ija isafike ku posito ndi dzina. Octávio anagwada kuseri kwa nkhokwe yakale yogumuka. Mayi Custódia anakhala pa mtondo wawo chofulatira. Ruti anamva zonse atagwira pakamwa, kenako analowa m'nyumba, ndipo kunamveka Halale ndi Bulawayo zikutsika pa khoma mosasamala.

"Ndiye sanafe," anatero mayi Custódia.

"Ali moyo, amayi."

"Ndi Rhodesia yense uja ali ku Nsadzo, kuseri kwa sitolo, kumene ine ndimagula mchere."

"Umboni nawu, koma kaya mungauyang'ane."

Mayi Custódia anatambasula dzanja lotuwa ndi phulusa. "Zaka khumi ndi chimodzi ndasunga mwambo. Lero ndikuti pepala si munthu. Patseni."

Anachigwira patali, anachibweretsa pafupi, anachipendeketsa kuti chilandire kuwala. Solomoni ananama, kumunsi kunatuluka bwinobwino: kabudula wa zigamba, timiyendo tiwiri, ndi nkhuku imodzi ikusuzumira pansi pa mathithi. Pamwamba pa kolala yaikulu panali kankhope kodzidzimuka, ka makutu otambalala, kakuyang'ana kumbali kumene kunachokera mawu a sipayo.

"Ndi ameneyu?" anafunsa motsitsa.

"Ndi omwewo, amayi."

"Ndalowa mu minga. Ndalowa m'matope. Chaka cha dzombe ndinagwera m'dzenje la nkhumba. Ndimati kapena ndikupatukira chimunthu cha ndevu, choopsa kumaso." Anayang'ananso. "Makutu ngati a mleme. Ruti! Unaona chiyani pamenepa?"

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka kachifuwa kofooka.

"Chisungeni chifuwa chanucho, bambo," anakweza mawu mayi Custódia osatembenuka. "Nkhuku yanu sindikuifunanso, mwambo ukhale momwemo. Koma mawa mutenge chikwanje mukalambule chitedze chonse cha pa kanjira kaja, kuyambira ku posito mpaka kudambo. Mukatha, nkhokwe. Mukatha nkhokwe, mukapepese kwa Silasi ndi mbuzi. Mukakana, chithunzichi ndikachipereka ndekha kwa mzungu."

*

Loweruka a Shefi analandira alendo awo atayera mbee, kolala ili chilili. Mbalamatodya inakhala pa msomali wake tsiku lonse. Madzulo Pedro ndi Silasi anatsika limodzi pa kanjira ka kudambo kupita kumudzi, Silasi akulankhulabe za makala ndi sitachi ngati munthu wobwera kumene ku maliro ake omwe.

Atayandikira kakhonde kaja anaona Octávio, chikwanje m'manja, atadzikulunga ziguduli mpaka m'khosi, akudula chitedze mochita kutalikira. Kuchokera kumunsi kunkabwera mtanga, pansi pake mayi Custódia, pakati penipeni pa njira.

Octávio anauona mtangawo. Khe, khe, kheee.

Mtanga sunapatuke. Sunachepetse n'komwe liwiro. Mayi Custódia anangotembenuzira nkhope kumbali, mwaulemu wonse, n'kumabwerabe. Octávio anatsokomolanso, mokweza. Anayang'ana kumanzere, chitedze. Anayang'ana kumanja, mulu wa chitedze chimene anadula yekha. Mtanga unali utatsala mapazi asanu. Munthu woyenda wa dera lathu anatseka maso n'kudumpha.

Silasi, amene sankaseka pamaso pa anthu, anaphulika. Anapinda msana, misozi ikutuluka, akuomba m'manja mwamphamvu moti mbalame zinauluka m'bango. Pedro sanayang'ane za mu chitedzemo. Anayang'ana manja a mlamu wakewo, zikhato zosatupa, zala khumi zonse zikupindika, zikuomba phwa, phwa, phwa.

Atafika kunyumba, pambali pa chitseko panalibe kanthu. Mphasa inali m'kati, itayalidwa.